Gentamicin kwa wodwala wa impso zofooka: lipoti la bambo wa zaka 64

Lipotili ndalembera anzanga ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma, makamaka makliniko ofisa ndi anamwino a m'mawodi a akuluakulu, kumene makina oyezera kuchuluka kwa gentamicin, antibayotiki wobaya, m'magazi kulibe. Dzina la wodwalayo, mudzi wake ndi chipatala chathu sinditchula.

Mbiri ya wodwala

Bambowa ndi mlimi wa zaka 64. Anafika Lachiwiri madzulo pa ambulansi kuchokera kuchipatala chaching'ono cha kwawo, ataperekezedwa ndi akazi awo ndi mwana wawo wamwamuna. Akhala akumwa ma ARV kwa zaka zoposa khumi, ndipo panthawiyi anali pa 13A, piritsi lija lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, pamodzi ndi Bactrim wa tsiku ndi tsiku. Zotsatira zomaliza m'buku lawo lakuchipatala zinasonyeza kuti kachilombo sikakuoneka m'magazi. Analinso ndi matenda a shuga, ndipo ankamwa metformin 500 mg kawiri patsiku.

Vuto la mkodzo linali lakale. Ankadzuka kangapo usiku, mkodzo ukutuluka modontha. Miyezi iwiri m'mbuyomo mkodzo unatsekeratu, anagonekedwa, anaikidwa katheta (paipi yotulutsira mkodzo) kwa sabata imodzi ndipo analandira ceftriaxone masiku asanu. Patatsala masabata atatu kuti afike kwa ife anamwanso ciprofloxacin chifukwa cha kuwawa pokodza. Zimenezi zinali m'buku. Zimene m'buku munalibe tinazimva kwa amayi titawafunsa kuti atsegule jumbo yamankhwala: munali bufeni ndi indosidi zogula pagolosale, zimene bambowa ankamwa kawiri kapena katatu patsiku chifukwa cha msana. Atafunsidwa ngati mankhwala ena anawatulutsapo zidzolo, kuwatupitsa kumaso kapena kuwabanikitsa, makamaka penicillin, onse awiri anakana.

Zimene tinapeza

Anali akunjenjemera ndi kubwebweta, osadziwa kumene ali. Thupi linatentha 39.2, mtima ukugunda 118 pamphindi, BP 92/58, kupuma 24 pamphindi. Shuga anali 310 mg/dL. Malungo sanapezeke. M'chifuwa munkamveka bwino, khosi silinaume. Chikhodzodzo chinali chitadzaza mpaka pamchombo, ndipo pogogoda kumsana mbali yakumanja, m'munsi mwa nthiti, anadzidzimuka ndi ululu. Prositeti inali yaikulu, yosalala, yosawawa poikhudza. Chimenechi ndi chofunika pa zimene zinatsatira, chifukwa prositeti ikakhala kuti nayo yagwidwa ndi bakiteriya mankhwala amafunika masabata angapo, ndipo gentamicin salowa bwino m'menemo.

Tinaika katheta nthawi yomweyo ndipo munatuluka mkodzo wamatope wokwana 1,300 mL. Mwa zonse zimene tinachita usiku umenewo, chimene ndikukhulupirira kuti chinapulumutsa moyo ndi chimenechi. Mkodzo wodzaza bakiteriya ukatsekeka, umakankhira m'mwamba kuimpso, ndipo jakisoni wina aliyense sangathandize mokwanira paipi isanalowe. Tisanapereke antibayotiki tinatenga mkodzo m'kabotolo koyera ndi magazi m'botolo lomeretsera bakiteriya. Labotale yathu simeretsa bakiteriya, choncho zonsezi zinapita m'mawa mwake pa ambulansi yopita kuchipatala chachikulu. Mkodzo unagona mufiriji, botolo la magazi linagona panja pa firiji, monga mmene ziyenera kukhalira.

Maselo oyera a m'magazi anali 18,000, Hb 10.2, ndipo creatinine, amene amakwera m'magazi impso zikafooka, anali 2.4 mg/dL. Potaziyamu sitinathe kuyeza. Usiku womwewo tinaimitsa metformin chifukwa cha chiopsezo cha asidi m'magazi pamene impso zafooka, n'kuyamba insulin. Tinaimitsa bufeni ndi indosidi popeza amatha kuvulaza impso, ndipo jumbo ija inasungidwa ndi asisita. Bactrim nayenso tinamuimika kwa kanthawi popeza amakweza potaziyamu. M'mawa mwake tinayeza hepatitis B, sanapezeke, ndipo mogwirizana ndi a kukiliniki ya ma ARV tinawasintha kuchoka pa 13A kupita pa 15A, ya abacavir, lamivudine ndi dolutegravir, kuti tenofovir, amenenso amatha kuvulaza impso, achoke. Kuyeza hepatitis B musanachotse tenofovir musakudumphe. Amene ali nayo, matenda a chiwindiwo amatha kukula mwadzidzidzi tenofovir akangosiyidwa.

Masiku awiri a ceftriaxone

Tinayamba ceftriaxone 2 g kamodzi patsiku, mu dripi ya normal saline kwa mphindi 30. Madzi tinapereka Ringer's lactate, 500 mL imodziimodzi, tikumvetsera m'chifuwa ndi kuyeza BP pakati pake. Sitinathire malita ambiri nthawi imodzi, pokumbukira kafukufuku wa ku Lusaka wofalitsidwa mu 2017, amene anapeza kuti akuluakulu odwala chonchi, ambiri a iwo ali ndi HIV, anamwalira ochuluka pagulu limene linapatsidwa madzi ambiri mofulumira. Ringer's lactate ali ndi kashiamu, ndipo ceftriaxone akakumana ndi kashiamu m'paipi imodzi amapanga timibulu. Choncho nthawi ya ceftriaxone ikakwana, Ringer's ankatsekedwa, paipi n'kutsukidwa ndi saline asanalowe mankhwala ndiponso atatha.

Lachitatu BP inakwera kufika 104/66 ndipo bambowa anayamba kuzindikira akazi awo. Koma kutentha sikunatsike. Lachinayi m'mawa kunali 39.4, anali atanjenjemera kawiri usiku, ndipo mtima unabwerera pa 116. Katheta inkatuluka bwino. Pa sikani impso zonse ziwiri zinali zotupa pang'ono chifukwa cha kutsekeka kuja, koma thumba la mafinya silinaoneke. Malungo tinayezanso pagalasi, osapezeka.

Lachinayi: kusankha gentamicin

Munthu amene anagona m'chipatala miyezi iwiri yapitayo, anakhala ndi katheta, analandira ceftriaxone kenako ciprofloxacin, ndipo amamwa Bactrim tsiku lililonse, ndi munthu amene bakiteriya wa m'matumbo mwake wasefedwa kale kangapo. Otsalawo ndi osamva mankhwala. Kafukufuku wa magazi a odwala a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, amene anachitika ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome n'kufalitsidwa mu 2017, anasonyeza kuti pakati pa 2003 ndi 2016 bakiteriya wa E. coli wa mtundu wa ESBL, wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone, anakwera kuchoka pa 0.7 kufika pa 30.3 peresenti, ndipo Klebsiella kuchoka pa 11.8 kufika pa 90.5 peresenti. Kwa bambo wa mbiri ngati iyi, kuonjezera ceftriaxone kuti akhale kawiri patsiku, monga mmene ena amachitira kutentha kukakana, kukanangotaya masiku.

Mufamase mwathu meropenem mulibe, amikacin munalibenso. Amene analipo ndi gentamicin, ndipo kwa wodwala uyu anali mankhwala oopsa: zaka 64, shuga, impso zimene zangotuluka m'kutsekeka, zaka zambiri za tenofovir, ndi masabata a bufeni. Komanso E. coli wambiri wa ESBL samvanso gentamicin, kotero panalibe chitsimikizo kuti agwira. Ndinaimbira dokotala wamkulu wa matenda a akuluakulu kuchipatala chachikulu. Tinagwirizana kupereka mlingo umodzi tsiku lomwelo, kudikira zotsatira za labotale, ndi kutumiza wodwalayo ngati bakiteriya atapezeka wosamva gentamicin kapena ngati BP itagwanso. Mlingo woyamba suchepetsedwa kwambiri chifukwa cha impso. Gentamicin amapha bakiteriya malinga ndi mmene wachulukira m'magazi atangolowa, choncho timilingo ting'onoting'ono topereka pafupipafupi sitipha bwino koma timawononga impso. Chimene impso zofooka zimasintha ndi kutalika kwa nthawi yodikira mlingo wotsatira.

Tisanalembe kalikonse tinakweza bambowa pasikelo. M'buku munalembedwa makilogalamu 63, ndipo nambala imeneyi ndi imene inakopedwa pafayilo tsiku lofika. Sikelo inaonetsa 52. Pa 5 mg pa kilogalamu, 63 ikanatipatsa 315 mg, kutanthauza maampulo anayi a 80 mg. Kulemera kwenikweni kunatipatsa pakati pa 208 ndi 260 mg, pa 4 mpaka 5 mg pa kilogalamu, ndipo tinasankha 240 mg, maampulo atatu.

Wina anena kuti 240 mg ndi imene timalembera aliyense kale. N'zoona, ndipo vuto lagona pomwepo. M'mawodi ambiri dzanja limalemba lokha "gentamicin 240 mg OD kwa masiku 5" kaya munthuyo ndi wa makilogalamu 40 kapena 85, kaya impso zake zikugwira ntchito kapena ayi. Kwa bambowa nambalayo inakhoza mwamwayi, koma OD uja, kutanthauza kamodzi tsiku lililonse, akanawapweteka. Creatinine wa Lachinayi anali 1.7 mg/dL. Kawerengedwe ka Cockcroft-Gault, koonera mmene impso zikusefera magazi, n'kosavuta, pafoni pomwe kamatheka: chotsani zaka za wodwala pa 140, chulukitsani ndi makilogalamu ake, kenako gawani ndi 72 wochulukitsidwa ndi creatinine wa mg/dL, akakhala mayi, chulukitsani yankholo ndi 0.85. Apa 76 kuchulukitsa ndi 52 ndi 3,952, kugawa ndi 122.4, yankho 32 mL pamphindi. Tsiku lofika linali 23. Malangizo amene ambiri amatsata amati kuyambira 60 kupita m'mwamba gentamicin aperekedwe maola 24 aliwonse, pakati pa 40 ndi 59 maola 36, pakati pa 20 ndi 39 maola 48. Gentamicin amatuluka m'thupi kudzera mu impso basi, osasinthidwa. Impso zikamasefa theka kapena gawo limodzi mwa magawo atatu la ntchito yake, kupereka wina mawa lake kuli ngati kuthira madzi mumtsuko umene uli kale pakhosi.

Nambala ya Cockcroft-Gault ili ndi malire ake. Creatinine akamasintha tsiku ndi tsiku, yankho limatsalira m'mbuyo. Munthu wowonda, wa minofu yochepa, amakhala ndi creatinine wotsika ngakhale impso zitafooka, pamene dolutegravir ndi Bactrim amamukweza pang'ono popanda kuvulaza impso. Choncho chimene tinkayang'ana kwambiri ndi kumene nambalayo ikulowera.

Mlingo woyamba unalowa 2 koloko masana mu 100 mL ya normal saline kwa mphindi 30, payekha, paipi itatsukidwa, osasakaniza ndi ceftriaxone. Tisanapereke tinayesa makutu: kunong'ona manambala kumbuyo kwawo khutu limodzi litatsekedwa, ndipo anamva mbali zonse. Papepala la mankhwala tinalemba tsiku ndi ola la mlingo uliwonse, mabokosi a masiku apakati tinawadula ndi X, ndipo pamwamba tinalemba ndi cholembera chofiira kuti wodwalayu asapatsidwe diclofenac, bufeni, indosidi kapena Lasix (mankhwala okodzetsa), ndiponso kuti gentamicin asaperekedwe creatinine wa tsikulo asanaonedwe.

Lachisanu ndi Loweruka

Lachisanu masana amayi anandiimika pakhonde. "Adokotala, jakisoni wa dzulo uja lero sanawapatse abambowa. Kodi mankhwala atha? Ngati atha tiuzeni, mwanayu akagule kutauni." Funso limeneli ndi lanzeru kwa munthu amene wazolowera kumva kuti mankhwala kulibe, ndipo likapanda kuyankhidwa bwino, maampulo ogula kunja amafika mu wodi usiku n'kupeza wina wowabaya. Tinakhala pansi ndi amayi ndi mwana wawo. Ndinawauza kuti mankhwala alipo okwanira, koma a dzulo akadali m'thupi chifukwa impso zikuwatulutsa pang'onopang'ono, ndipo kuonjezera ena lero kukhoza kuwononga impso ndi makutu. Ndinawapempha kuti akhale maso athu: bambowa akadandaula chizungulire, kulira kwa m'makutu kapena kusamva bwino, atiuze nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Kuyambira pamenepo amayiwo ndi amene ankakumbutsa aliyense kuti jakisoni ndi wa mawa, lero ayi.

Usiku wa Lachisanu msana unavutanso, ndipo amene anali pantchito, atachokera kuwodi ina, analemba diclofenac 75 mg wobaya. Namwino wausiku anaona zofiira zija, sanapereke, ndipo anamuimbiranso wolembayo. Bambowa analandira panado ndi morphine wakumwa pang'ono, usiku umenewo wokha, akuyang'aniridwa chifukwa morphine nayenso amachedwa kuchoka impso zikafooka. M'mawa mwake mapazi anaoneka otupa ndipo Lasix anatchulidwa. M'chifuwa munali mouma, mpweya m'magazi 96 peresenti, akupuma bwino. Kutupa kwa mapazi kokha si chifukwa choperekera Lasix kwa munthu amene ali pa gentamicin, popeza awiriwa pamodzi amaonjezera chiopsezo ku makutu ndi ku impso. Tinangochepetsa madzi a dripi chifukwa anali atayamba kumwa okha.

Lachisanu lomwelo a labotale anaimba kuti m'botolo la magazi mwamera bakiteriya wa gram negative, gulu limene muli E. coli ndi Klebsiella. Kutentha kunatsika kufika 37.8 madzulo, ndipo Loweruka m'mawa kunali 37.1. Bambowa anapempha phala.

Loweruka linali tsiku la mlingo wachiwiri, ndipo labotale yathu Loweruka imayeza zadzidzidzi zokha. Panali maganizo akuti tingopereka popeza mkodzo ukutuluka wambiri, malita oposa atatu patsiku, pamene malire a pansi a 0.5 mL pa kilogalamu pa ola kwa bambowa anali pafupifupi 620 mL patsiku. Mfundo imeneyi ndiikana mwamphamvu. Impso zikamavulazidwa ndi gentamicin, nthawi zambiri mkodzo suchepa. Munthu amakodza bwinobwino creatinine akukwera. Ndiponso impso zimene zangotsegulidwa pambuyo pa kutsekeka zimataya madzi ambiri kwa masiku angapo, ngakhale zili zofooka. Thumba lodzaza mkodzo linkatiuza kuti katheta ikugwira ntchito ndiponso kuti wodwalayo akufunika kumwa kwambiri, koma za mmene impso zikusefera silinkatiuza kanthu. Tinaitana wa labotale amene anali wodikira kuitanidwa, ndipo creatinine anatuluka 1.5, kutanthauza 37 mL pamphindi. Mlingo wachiwiri unaperekedwa.

Zotsatira zonse zinafika pafoni madzulo ake. M'magazi ndi mumkodzo munali E. coli wa ESBL, wosamva ampicillin, ceftriaxone, cotrimoxazole ndi ciprofloxacin, womva gentamicin, amikacin, meropenem ndi nitrofurantoin. Ceftriaxone tinamusiya pomwepo. Kawirikawiri wodwala akayamba kudya, kutentha kutatsika kwa tsiku limodzi kapena awiri, timachotsa kanula n'kupitiriza ndi mapiritsi, ndipo kumeneko ndiye kutetezeka kwenikweni. Apa piritsi loyenera panalibe. Nitrofurantoin amathandiza m'chikhodzodzo mokha, safika mokwanira m'magazi ndi mu impso, ndipo impso zikafooka chonchi sagwira bwino. Tinayenera kumaliza ndi gentamicin.

Kutentha kwa Lamulungu usiku

Lamulungu usiku thupi linatenthanso, 38.4. Mwana wawo anada nkhawa kuti jakisoni wodumphadumphayu ndi wofooka, ndipo mu wodi munali maganizo obwezeretsa ceftriaxone kapena kuyamba kupereka gentamicin tsiku lililonse. Koma bambowa sankanjenjemera, BP inali 118/72, kumsana sikunkawawa pogogoda, mkodzo unali woyera. Titavundukula pulasitala padzanja lamanzere tinapeza kanula ya Lachiwiri ija, yoikidwa mothamanga tsiku lofika, ili pomwepo. Khungu linali lofiira ndi lotentha, mtsempha utalimba ngati chingwe pafupifupi masentimita asanu kukwera kumkono. Mafinya panalibe.

Tinaichotsa, tinaika nsalu yofunda, dzanja tinalikweza papilo, ndipo malire a kufiirako tinawazunguliza ndi cholembera kuti tione ngati kukufalikira. Sitinaonjezere antibayotiki wina. Tinagwirizana kuti pakaoneka mafinya, kufiira kukadutsa mzere, kapena kutentha kukapitirira tsiku limodzi, titenganso magazi ndi kuyamba cloxacillin poganizira Staphylococcus aureus. Pofika Lolemba madzulo kutentha kunali 36.9 ndipo sikunabwerenso. Kanula ya munthu amene akulandira jakisoni kamodzi pa masiku awiri, yemwe akumwa ndi kudya, ilibe ntchito m'maola 47 mwa 48. Lolemba creatinine anali 1.4, kutanthauza 39 mL pamphindi. Mlingo wachitatu unalowa pa kanula yatsopano kudzanja lamanja, imene inachotsedwa dripi itangotha.

Mlingo wachinayi umene sitinapereke

Malinga ndi dongosolo lathu, mlingo womaliza unali wa Lachitatu. Lachiwiri m'mawa amayi anatiuza kuti usiku bambowa popita kubafa anayenda dzandidzandi, mpaka anagwira khoma. Iwo eni anati mutu unapepuka ndipo pansi pankaoneka ngati pakusuntha.

Ambiri tikamva za gentamicin timaganiza za kugontha, koma mankhwalawa amakonda kuwononga mbali ya khutu lamkati imene imathandiza munthu kuima ndi kuyenda mowongoka, kuposa mbali yomvera. Amawononga makutu onse awiri mofanana, choncho wodwala nthawi zambiri samva kuti nyumba ikuzungulira. Amangolephera kuyenda bwino, makamaka mumdima kapena pamalo osalingana, ndipo akamayenda zinthu zimagwedezeka m'maso mwake. Munthu wogona pabedi sangazindikire zimenezi, zimaonekera akadzuka, ndipo kuwonongekako nthawi zambiri sikubwerera. Kwa mlimi woyenda m'mizere ndi kupalasa njinga, kumeneko n'kutha kwa ntchito.

Tinayesa zinthu zinayi, zonse zosafuna makina. Kunong'ona anamva monga poyamba. BP atagona inali 122/74, ataima kwa mphindi zitatu inagwa kufika 98/62 ndipo mutu unapepukanso. Tinawapatsa tchati cha maso kuti awerenge mutu uli chete, kenako tikuugwedeza uku ndi uku pafupifupi kawiri pasekondi. Anataya mizere iwiri, pamene kutaya yoposa iwiri ndiye kumakayikitsa. Ataima pamatiresi maso ali otseka anagwedezeka koma sanagwe. Chifukwa chooneka bwino chinali kuchepa kwa madzi m'thupi, popeza ankatayabe mkodzo wambiri dripi itachotsedwa, kuphatikiza sabata yathunthu yogona ndi shuga wa zaka zambiri amene amafooketsa mitsempha ya kumapazi. Komabe zoyeza zathu sizikanatha kuchotseratu gentamicin pamlandu. Tinawaonjezera madzi akumwa ndi thanzi ORS, n'kudikira creatinine wa Lachitatu.

Anatuluka 1.6, kuchoka pa 1.4. Kukwerako n'kochepa, ndipo kuchepa kwa madzi kukanatha kukufotokoza. Koma nambala imene yakhala ikutsika kwa sabata yonse inali itatembenuka, pa tsiku lachisanu ndi chiwiri chiyambire gentamicin, nthawi imene kuvulala kwa impso kochokera ku mankhwalawa kumayamba kuonekera.

Ndinaimbiranso dokotala wamkulu uja ndipo tinayala mbali zonse ziwiri. Milingo itatu ya maola 48 inali itaphimba masiku asanu ndi limodzi athunthu, ndipo gentamicin amatsalira mu impso ndi mumkodzo kwa masiku ena pambuyo pa mlingo womaliza, wochuluka kwambiri kuposa m'magazi. Gwero la matenda linali lotsegulidwa. Kupatula usiku wa kanula uja, kutentha kunali kutatsika kuyambira Loweruka, maselo oyera atabwerera pa 8,600, wodwala akudya nsima. Kafukufuku wa ku Israel ndi Italy wofalitsidwa mu 2019 anasonyeza kuti kwa odwala bakiteriya wa gram negative m'magazi amene akhazikika ndipo gwero lathetsedwa, masiku 7 amakwana mofanana ndi 14. Phindu la mlingo wachinayi linali laling'ono, pamene chimene ukanawononga sichikanakonzedwa. Tinausiya. Matenda akanabwerera, njira inali kutumiza wodwalayo kuti akalandire meropenem, osati kuyambiranso gentamicin.

Ndikudziwa kuti anzanga ena akanapereka mlingowo, ponena kuti bambo wa shuga, HIV ndi katheta si wofanana ndi odwala a m'kafukufuku uja. Mfundo imeneyo ili ndi mutu. N'chifukwa chake sitinawatulutse tsiku lomwelo. Anakhala masiku ena atatu opanda antibayotiki aliyense, tikuyeza kutentha kanayi patsiku.

Zimene zinatsatira

Kutentha sikunabwere. Lachisanu creatinine anali 1.5, ndipo BP poima inasiya kugwa. Anatuluka Loweruka ali ndi katheta, pa 15A ndi insulin, Bactrim atayambiranso. Glibenclamide tinamupewa chifukwa impso zikafooka amagwetsa shuga kwa nthawi yaitali. M'buku lawo, patsamba loyamba, tinalemba dzina la bakiteriya, mankhwala amene anamva ndi amene sanamve, masiku ndi milingo ya gentamicin amene analandira, creatinine womaliza, kulemera kwawo kwenikweni, ndi chenjezo la bufeni, indosidi ndi diclofenac. Amayi tinawauza m'mawu omveka kuti msana ukawawa amwe panado basi.

Patatha masabata awiri anabwera akuyenda okha. Chizungulire chinali chitatha, usiku ankayenda bwino, ndipo pa tchati cha maso mutu ukugwedezeka anataya mzere umodzi. Creatinine anali 1.3. Pa masabata asanu ndi limodzi anali 1.2, kulemera makilogalamu 55, kutanthauza 48 mL pamphindi. Nambala imeneyi ikadali pansi pa 50, choncho tenofovir sanabwezeretsedwe ndipo akupitiriza 15A. Metformin tinayambiranso 500 mg kawiri patsiku, osapitirira pamenepo, chifukwa cha impso ndiponso chifukwa dolutegravir amakweza kuchuluka kwa metformin m'magazi.

Tsiku losintha katheta panabuka funso limene lidzabukanso kwa aliyense wosamalira bambowa. Mkodzo m'thumba unali wotuwa, ndipo kapepala koyezera kanasonyeza maselo oyera ndi nitrite. Ena ali ndi chizolowezi chobaya gentamicin 80 mg posintha katheta, ena amalemba ciprofloxacin akangoona zotsatira zotere. Pafupifupi aliyense amene wakhala ndi katheta kwa mwezi umodzi amakhala ndi bakiteriya mumkodzo, ndipo ngati thupi silikutentha, sakunjenjemera, kumsana ndi pachinena sipakuwawa, mankhwala safunika. Bambowa analibe chizindikiro chilichonse. Katheta inasinthidwa mwaukhondo ndipo sanapatsidwe antibayotiki.

Panopa ali pamndandanda wodikira opaleshoni ya prositeti kuchipatala chachikulu. M'kalata yowatumizira tinapempha kuti mkodzo umeretsedwe sabata imodzi opaleshoni isanachitike, kuti antibayotiki woteteza pa tsikulo asankhidwe potengera zotsatirazo m'malo mwa ceftriaxone wa nthawi zonse, ndiponso kuti creatinine ayezedwe asanaganizire za gentamicin kapena amikacin.